Jenereta, sola, petulo wa m'zigubu ndi makala: mayankho kwa owerenga atatu

Makalata atatu ndasankha sabata ino. Olembawo sadziwana, wina ali ku Blantyre, wina ku Dedza, wina ku Zomba, koma onse akulira maliro amodzi. Tiyambe ndi amene ndalama zake zili pafupi kulowa m'manja, chifukwa ndi iye angalakwitse msanga.

"Alangizi, ndili ndi malo ometera ku Ndirande, ndipo mayi a kunyumba amakonza tsitsi la azimayi m'chipinda chomwecho. Tsiku labwino ndimameta anthu 15, mutu umodzi K1,500. Magetsi akathima timangokhala manja lende. Mwezi wamawa tikugawana ndalama ku banki m'khonde. Ndigule jenereta kapena sola?"

Achimwene, musanakwere minibasi ya ku Limbe kukafunsa mitengo, tengani kope ndi cholembera. Choyamba kudziwa ndi chakuti kuthima kwa magetsiko kukukudyerani zingati. Tiyerekeze kuti athima theka la tsiku, katatu pa sabata, ndipo tsiku lililonse lotero anthu 7 abwerera pakhomo. Ndiye kuti K10,500 pa tsiku, K31,500 pa sabata, K126,000 pa mwezi. Koma musafulumire kugwira pamutu. Tsitsi silithawa. Mwa anthu 7 aja, ena ndi makasitomala anu enieni omwe adzabweranso mawa, ndipo ndalama yawo yangochedwa chabe. Yotayikadi ndi ya amene adutsa n'kukameta kwa mnzanu wa pakona. Kwa masabata awiri, lembani onse obwerera, ndipo muziika chizindikiro pa amene abweranso. Chotsalacho ndiye mtengo weniweni wa mdima pa bizinesi yanu, ndipo makina alionse omwe mugule ayenera kuwonongetsa zochepera pamenepo.

Tsopano tione zida zanu. Yunitsi imodzi yomwe mumagula ku ESCOM ndi mawati 1,000 akagwira ntchito kwa ola limodzi. Makina ometera amadya mawati pafupifupi 15. Awiri atalira maola 10 osapuma, sadya ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a yunitsi. Onjezani mababu atatu osadya magetsi, wailesi, ndi mafoni a makasitomala omwe amatchaja akudikira, tsiku lonse simufika ngakhale yunitsi imodzi. Ndiye tembenuzani chowumitsira tsitsi cha alamu anga, muwerenge kachipepala komatidwa pansi pake. Zambiri zimalembedwa mawati a pakati pa 1,500 ndi 2,000. Chikalira ola limodzi chadya kuposa zonse za mbali yanu za tsiku lathunthu. M'chipinda chimodzicho muli mabizinesi awiri a njala zosiyana, wina wodya ngati mpheta, wina ngati njovu, ndipo cholakwika chomwe ambiri amachita n'kuwagulira mbale imodzi.

Jenereta imakopa chifukwa mtengo wogulira ndi wotsika. Ululu wake umabwera tsiku ndi tsiku. Kajenereta kakang'ono ka petulo kamamwa theka la lita kapena kuposerapo kuti katulutse yunitsi imodzi, ndipo kakamalira popanda katundu wokwanira kamamwabe. Yerekezani mtengo wa theka la lita ndi mtengo wa yunitsi pa risiti yanu yomaliza, muona nokha kusiyana kwake. Kuyatsa jenereta tsiku lonse chifukwa cha makina ometera awiri kuli ngati kubwereka lole kuti inyamule thumba limodzi la chimanga. Pamwamba pa izo pali oyilo, mapulagi, phokoso, utsi, komanso masiku omwe petuloyo sapezeka n'komwe.

Sola ndi yosiyana: mumalira kamodzi pogula, kenako dzuwa silitumiza bilu. Panelo ya mawati 300, kuno kwathu komwe dzuwa silisowa, imatha kukupatsani pafupifupi yunitsi imodzi pa tsiku kukacha bwino, yokwana mbali yanu yonse. Imagwiranso ntchito magetsi a ESCOM alipo, kutanthauza kuti imachepetsa mayunitsi ogula, pomwe jenereta masiku amenewo imangogona pakona. Koma pali chinthu chomwe ogulitsa satchula msanga, batire. Panelo yabwino imatha zaka 20, koma batire wamba, mukamaimaliza moto wonse tsiku ndi tsiku, singakwanitse n'komwe zaka ziwiri. Ya lithium imakhalitsa koma ndi yodula. Choncho mwezi uliwonse muziika padera kandalama ka batire yotsatira, ngati momwe mumasungira lendi. Samalaninso ndi mapanelo otchipa modabwitsa, olembedwa mawati ambiri pomwe kukula kwake ndi kwa thireyi ya tiyi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kwa okuikiraniwo, ndipo risiti ilembedwe miyezi ya chitsimikizo.

Mwina mukuti, nanga magetsi akakhazikika, ndalama yanga siipita pachabe? Funso labwino. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kampani ya EGENCO imapukusa makina ndi madzi. Mazira onse ali m'dengu limodzi lomwelo. Mu 2017 nyanja itaphwera, madzi anachepa ndipo tinakhala mumdima mpaka dziko linabwereka majenereta a dizilo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la ku Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 (megawati imodzi ndi mawati 1,000,000) anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Madzi akachepa, vuto; akachuluka, vutonso. Zilipo zomwe zawonjezeredwa, monga sola ya mamegawati 60 ku Salima ndi ya 20 ku Golomoti, komanso ntchito yolumikiza mawaya athu ndi a ku Mozambique kuchokera ku Tete kufika ku Phombeya m'boma la Balaka. Koma ofuna magetsi nawonso akuchuluka chaka ndi chaka. Ine sindingamange bizinesi pa chiyembekezo chakuti mdima watha.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi chotchipa kwambiri chomwe simunachitchule n'komwe: makina ometera otchaja, awiri kapena atatu, kuti ena azimeta ena ali pa moto. Kenako kasola kakang'ono ka mababu, wailesi ndi kutchajira. Chowumitsira tsitsi chisiyeni pa ESCOM, ndipo alamu azipangana ndi makasitomala awo kuti zochapa ndi zowumitsa zizichitika magetsi alipo, zoluka zizichitika akathima. Jenereta ibwere pokhapokha ngati kope lija laonetsa kuti mbali ya azimayi ikutaya ndalama zoposa petulo yemwe ingamwe, monga Loweruka la maukwati. Zikatero, mtengo wa tsiku la jenereta ukhale wokwererapo, ndipo muziwauziratu anthu asanakhale pampando.

"Bambo alangizi, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Dedza. Mafuta akasowa ndimagula kwa anyamata a zigubu pa mtengo wokwera kwambiri. Bwanji boma silingotsitsa mtengo n'kubweretsa mafuta ambiri? Nanga ine nditani, popeza okwera amakana ndikakweza?"

Mphwanga, zinthu ziwiri zomwe mwapemphazo, mtengo wotsika ndi mafuta ambiri, nthawi zambiri zimakokana ngati ng'ombe ziwiri zosazolowerana pa goli. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo limachokera kunja, kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi madola. Ife madola timawapeza makamaka ku fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina, ndipo sakwanira zonse zomwe timaitanitsa. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lita yomweyo inayamba kufuna makwacha ochuluka ngakhale mtengo wake kunja ukanapanda kusuntha.

Mtengo wa pa pampu amaukhazikitsa ndi a MERA, powerengera mtengo wogulira kunja, mayendedwe, phindu la ogulitsa ndi misonkho ina monga wa misewu ndi wopititsira magetsi kumidzi. Mtengowo ukagwiridwa pansi kwa nthawi yaitali pomwe zogulira zakwera, oitanitsa mafuta amagulitsa moluza, ngongole zimaunjikana, ndipo mafuta obwera amachepa. Apo m'pomwe mizere imabadwira. Mtengo umaoneka wotsika pa chikwangwani, koma wotsalawo mumaulipira ndi maola oima pamzere kapena kwa mnyamata wa chigubu uja. Iye sanabweretse kusowako. Amangokolola pa mpata womwe uli pakati pa mtengo wolembedwa ndi mtengo womwe anthu ali okonzeka kulipira. Sindikumuikira kumbuyo ayi. Kugulitsa mafuta popanda chiphaso n'kuphwanya lamulo, kusunga petulo m'nyumba kwawotchapo mabanja, ndipo ena amasakaniza ndi parafini, injini yanu n'kumalira ngati yadwala chifuwa.

Za inuyo, dziwani manambala awiri. Yoyamba, njinga yanu imayenda makilomita angati pa lita imodzi. Dzazani thanki, lembani nambala ya pa mita, yendani, dzazaninso, gawani makilomita omwe mwayenda ndi malita omwe mwathira kachiwiriko. Yachiwiri, ola lanu limodzi la ntchito limabweretsa zingati mukachotsa mafuta. Ngati mzere ukudyerani maola 5, ndalama ya maola amenewo ndi gawo la mtengo wa mafuta omwe mugule pa pampuwo. Mukadziwa izi mudzaona kuti kuima pamzere usiku kapena mbandakucha, nthawi yomwe okwera kulibe, n'kotchipa kuposa kuima masana a tsiku la msika. Pa zokweza mtengo, nokha simungathe, chifukwa wokwera angopita kwa mnzanu. Kambiranani pa siteji yanu, mugwirizane kuti mafuta akakwera ndi mwakuti pa lita, ulendo wa makilomita akuti ukwera ndi mwakuti, ndipo akatsika inunso mutsitse. Anthu amakwiya kwambiri ndi mtengo wongotuluka m'mutu kusiyana ndi womwe auona mmene wabwerera. Ndipo maulendo obwerera opanda munthu muziwawerengera, chifukwa njinga siidziwa kuti kumbuyo kulibe wokwera.

"Ndimaphika mandasi ndi zitumbuwa ku Zomba. Thumba la makala likukwera mwezi ndi mwezi, makamaka dzinja. Anzanga akuti ndiyambe gasi, koma ndikuopa mtengo wa silinda."

Mayi, makala amakwera dzinja chifukwa owotcha amakhala ali ku munda, nkhuni zanyowa, misewu yoterera. Amakweranso chaka ndi chaka chifukwa mitengo yowotcha makala ikunka kutali. Wa njinga yemwe kale ankapalasa mtunda waufupi tsopano amachokera kuseri kwa mapiri, ndipo thukuta lakelo mumalipira ndinu. Malamulo a zankhalango adakhwimitsidwanso mu 2020, moti makala opanda chiphaso amalandidwa pa zipata za apolisi, ndipo wogulitsa amaika chiopsezo chimenecho pa mtengo.

Pali mtengo winanso womwe sulembedwa pa thumbalo. Mitengo ikadulidwa m'mapiri omwe madzi ake amatsikira mu Shire, mvula imakokolola dothi, matope n'kukadzaza m'madamu a magetsi, kuwonjezera pa namasupuni yemwe amatseka makina. Magetsi amachepa, a m'tauni omwe akanaphikira magetsi amathamangira makala, makala amakwera, mitengo ina imagwa. Wometa wa ku Ndirande uja akulipira nawo thumba lomwe sanagule. Sindikunena izi kuti muzidziimba mlandu, poti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ambiri alibe pothawira. Ndikunena kuti mudziwe kuti mtengo wa makala ulibe chifukwa chobwerera pansi.

Gasi naye amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa amakwera. Ubwino wake pa ntchito yanu ndi wakuti moto umayaka pomwepo, mumauchepetsa mafuta ophikira akatentha kwambiri, ndipo mukamaliza mumazimitsa, pomwe makala amapitiriza kunyeka chiwaya mutachiphula kale. Mandasi opserera ndi mafuta ophikira oda msanga ndi ndalamanso. Musakhulupirire anzanuwo, musakhulupirirenso ine. Bwerekani silinda yaing'ono kwa mmodzi wa iwo, mudzazitse ndi ndalama zanu, muphikire mpaka ithe, mukuwerenga mandasi omwe yatulutsa. Chitaninso chimodzimodzi ndi thumba limodzi la makala. Gawani mtengo wa chilichonse ndi mandasi ake, muone kuti moto wa ndasi limodzi ukukudyerani zingati uku ndi uku. Gasi akapambana, kusiyanako kuchulukitseni ndi mandasi a mwezi wonse, ndipo mudziwa miyezi yomwe silinda ndi chitofu zidzabweze ndalama zake. Ikapitirira chaka, dikirani kaye, ndipo pakadali pano gulani mbaula yokhala ndi dongo m'kati yosunga kutentha, muziphika zonse ulendo umodzi m'malo mokoleza moto kawiri. Zomwe mupeze pa kuyesako mundilembere, pamodzi ndi kulemera kwa silindayo ndi kukula kwa thumba la makala, chifukwa matumba a ku Zomba ndi a ku Lilongwe sasokedwa mofanana.