Kodi si kuseka maliro? Za Eren wovala yunifolomu ya sukulu

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena amene amawerenga zomwe ndimalemba kuno. Akuti anamaliza Attack on Titan, nkhani ya ku Japan ya asilikali olimbana ndi zimphona zodya anthu, misozi ili m'maso, ndiye mng'ono wawo anawaonetsa manga ina (buku la nkhani ya zithunzi la ku Japan) momwe Eren, Mikasa ndi Armin, ngwazi za nkhaniyo, akuthamangira belu la kusukulu. Akufunsa ngati kumeneku si kuseka maliro, komanso ngati mng'ono wawoyo angayambire pomwepo asanaone nkhani yeniyeni.

Achemwali, buku mwaonalo ndi Attack on Titan: Junior High. Anajambula ndi Saki Nakagawa, osati Hajime Isayama mwini nkhani. Linayamba kutuluka mu 2012 m'magazini ya Bessatsu Shōnen Magazine ya kampani ya Kodansha, n'kutha mu 2016, ndipo mu 2015 a kampani ya Production I.G analipangira anime (katuni ya pa TV) ya magawo 12. Magaziniyi ndi yomweyo imene inkatulutsa nkhani ya nkhondoyo kuyambira 2009 mpaka 2021. Ndiye taganizani: munthu ku Japan ankati akatsegula magazini ya mwezi umenewo, amawerenga za asilikali akudyedwa ndi zimphona, atsegula masamba angapo, n'kupeza anthu omwewo akukangana za kalabu ya kusukulu.

Ine ndikuti si chipongwe, ndipo chifukwa changa chili pa kamba wa kusukulu wa Eren. M'nkhani yeniyeni, Eren amada zimphona chifukwa chimodzi mwa izo chinadya mayi ake, Carla, iye akuona, tsiku lomwe linga la tauni ya kwawo ya Shiganshina linabooledwa. Kusukuluko mkwiyo ndi womwewo, kulumbira ndi komweko, koma chimene chinadyedwa ndi kamba wake, nyama yogaya yokhala ndi tchizi. Munthu amene sanaone imfa ya Carla amangoti mwanayu ndi wadyera. Amene anaiona amaseka kwinaku pakhosi pali chinthu, chifukwa akudziwa chimene chinayenera kukhala pamalo pa kambayo. Nthabwalayo siingaime popanda chisonicho.

N'chimodzimodzi ndi zingwe zija asilikali amaulukira nazo pokadula makosi a zimphona. Kusukulu amazigwiritsa ntchito potsuka makoma. Levi, mkulu wa asilikali uja, ukhondo wake ndi womwe uja, koma m'malo mwa malupanga wanyamula chokupizira chapepala. Armin sachoka m'chofunda chake poopa kuzizira.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi Marco, msilikali mnzake wa Eren. Mukukumbukira kuti mnzake Jean anamupeza atafa m'tauni ya Trost, theka la thupi palibe, popanda wodziwa kuti zinatani. Kusukuluko Marco ali moyo, akuyenda ndi Jean ngati kale. Petra ndi Oluo, asilikali enanso amene anafa pa nkhondoyo, nawonso alipo, ali m'kalasi yapamwamba. Asilikali amenewa ambiri anali ana a zaka 15, msinkhu woti nkhawa yawo yaikulu ikanakhala mayeso. Bukuli limawabwezera zaka zomwe nkhondo inawalanda. Inu ndi ine tinachezerapo pa siwa, timadziwa kuti pakati pa usiku wina amakumbutsa zomwe malemu ankachita, anthu n'kuseka, ndipo palibe amene amati anyoza.

Isayama naye anachitapo zofananazo. Kumapeto kwa mabuku omalizira a nkhani yake ankajambula timasamba tongoseweretsa, Eren ndi anzake ali pa sukulu yooneka ngati ya ku America.

Sindikuti magawo onse ndi okoma. Ena amangobwereza nthabwala ya Sasha, mtsikana wokonda kudya uja, mpaka kutopetsa.

Za mng'ono wanu, asayambire pamenepo. Ngati msinkhu wake walola, poti nkhani yeniyeni ili ndi magazi ambiri, aone kaye magawo 25 a anime ya mu 2013. Akamaliza mukhale naye pansi muonere limodzi za kusukuluzo, ndipo mumuyang'ane kumaso Marco akangotulukira.