Madzi akuyera mbee, nkhope zikuda bii: yankho kwa achemwali a ku Nchalo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Nchalo. Mwachidule, amakonda kujambula ana a achimwene awo akamasewera m'madzi, koma zithunzi zimatuluka nkhope zili bii, manja ndi miyendo zikuoneka ngati utsi. Akaika pa Facebook aliyense amangoti "zabwino zedi", pomwe iwo mumtima akudziwa kuti pena pakulakwika. Ndiye akufunsa: agule kamera yeniyeni, kapena atani? Anatumiza ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi.

Achemwali, ndalama zanuzo sungani kaye. Zithunzizo ndaziona, ndipo foni yanu ilibe mlandu. Chakulakwirani ndi nthawi yomwe mumajambula komanso malo omwe mumaima.

Zinayi munajambula dzuwa lili paliwombo. Sindikukuimbani mlandu, chifukwa ndi nthawi yomwe ana amathamangira kumadzi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe kuchigwa kuno kumatentha kupitirira madigiri 40. Koma dzuwa la masana likamenya pamadzi limabwerera ngati lamenya malata atsopano. Kamera ikaona kuwala konseko imachepetsa yokha. Ikatero madzi amaoneka bwino ndithu, koma nkhope ya mwana wakhungu ngati lathuli imamira mumdima. Mankhwala ake ndi apafupi. Gwirani pa sikirini pomwe pali nkhope, kenako kokerani m'mwamba pang'ono kachizindikiro kadzuwa kamatuluka pambali kaja. Amene ali ndi kamera aike exposure compensation, yoonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi, pa +1. Madzi ena adzayera mopitirira muyezo, asiyeni. Woona chithunzi amafuna maso a mwanayo.

Koma ine ndikanakonda mudikire dzuwa lipendeke, kuyambira 4 koloko mpaka cha m'ma hafu 5. Imani mwakuti dzuwa likhale kumbuyo kwa anawo, inu mutayang'ana kumadzulo, ndipo mugwade. Inde, chitenje chidzada ndi matope. Mukagwada, kumbuyo kwa mwana kumabwera bango, nzimbe kapena mitengo m'malo mwa madzi okhaokha, ndipo pamdima umenewo madontho amawala ngati mikanda. Mukaimirira mumangotola mitu ndi misana.

Za utsi zija ndi nkhani ya liwiro. Mwana akamawaza madzi dzanja limathamanga kuposa kamera. Ngati kamera ya foni yanu ili ndi gawo lolembedwa Pro, pezani shutter speed, liwiro lomwe kamera imatsekulira ndi kutseka diso lake, muike pa 1/1000. Kukayamba kuda kwezani ISO, yomwe imathandiza kamera kuona kukachepa kuwala, pa 400 kapena 800. Ngati foni ilibe Pro, gwiritsani ntchito burst, yojambula zithunzi zambiri motsatizana ija, musankhe pambuyo. Komanso muziwerenga thupi la mwana: asanalumphe amayamba wapinda mawondo. Dinani pomwepo. Mukadikira kumva chubwi, mwachedwa kale.

Tsopano pa anzanu a "zabwino zedi" aja. Musawakwiyire. Akuyamikira mwanayo, osati chithunzi, ndipo mwambo wathu sulola kuuza munthu pagulu kuti ntchito yake siyabwino. Ine ndinakhala nthawi yaitali ndikudya mawu otsekemerawo, mpaka tsiku lina ndinaonetsa chithunzi chomwe ndinkanyadira kwa mdala wina wojambula zithunzi za ziphaso pamsika. Chinali cha anyamata atatu akusewera pamjigo. Mdalayo sanayankhule msanga. Anaika chikhatho chake pachithunzipo n'kuphimba mbali yakumanja, kenako anachotsa n'kuloza chigubu chachikasu chomwe chinali pakona. "Mwanawe, wajambula ana kapena chigubu?" Ine ndinali ndisanachione n'komwe. Kuyambira pamenepo diso langa linkangothamangira pachigubupo, ndipo ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa. Loweruka lotsatira ndinapitanso pamjigo womwewo, ndinayamba ndasuntha zigubu zonse.

Choncho mukafuna kuphunzira, musafunse kuti "chili bwanji?" Funso limenelo yankho lake ndi ulemu basi. Sankhani anthu awiri kapena atatu, muwatumizire kumbali, ndipo mufunse kuti diso lawo layamba kugwa pati, nanga akanapatsidwa lumo akanadula chiyani. Akamayankha khalani chete. Musayambe zoti "dzuwa linali loopsa" kapena "mwanayo samakhazikika", chifukwa chithunzi sichiyenda ndi mwini wake kuti azichilankhulira. Si zonse zomwe anene zomwe mutenge. Wina adzakuuzani kuti mwana akanavala zovala za kutchalitchi, ameneyo mungomuthokoza. Koma anthu awiri osadziwana akaloza chinthu chimodzi, pamenepo pali nkhani. Mwa anthuwo musasiye mayi a mwana. Sadziwa za ISO, koma amadziwa ngati kusekako ndi kwa mwana wawo kapena ndi kopangira kamera. Ndisanaiwale, pa WhatsApp muzitumiza ngati document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa ndipo anthu amadzudzula zomwe simunalakwe.

Poti mwanditumizira, ndiyambe ndine. Choyamba ndi chachiwiri mzere wa madzi wapendekeka, ngati madziwo akufuna kutayikira kumanzere. Zimenezo mungawongole pafoni pomwepo. Chachitatu muli ana asanu ndipo aliyense akuchita zake, ndiye diso likusowa pokhala. Chachinayi ndiye chanu chenicheni: kamtsikana katatseka diso limodzi, madzi akutsika pachibwano, dzanja la mnzake likulowa kuchokera kumbali. Nkhope yada, eya, koma nthawi munaigwira. Chimenecho mukachibwereze madzulo.

Ziwiri zomaliza ndafufuta mufoni mwanga, ndipo ndikupempha musaziike paliponse. Anawo alibe chovala. Kumudzi palibe amene amadabwa mwana akamasamba choncho, koma intaneti si mudzi. Chithunzi chikatuluka simudziwa chafika m'manja mwa ndani, ndipo mwanayo adzakula n'kudzachipeza. Avale kabudula kapena diresi musanatulutse foni. Ngakhale ndi ana a achimwene anu, funsani makolo musanaike pa Facebook. Anzawo omwe alowerera m'chithunzi nawonso ali ndi makolo awo. Dzina la mwana, sukulu yake ndi malo enieni omwe amasewera musalembe.

Malowo nawonso andidetsa nkhawa. Simunandiuze kuti ndi pati, koma ndikuona madzi odikha ndi udzu wambiri m'mbali, ndipo kotere ndi komwe kumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Za mu Shire ndi ku Elephant Marsh sindichita kukuuzani, ng'ona ndi mvuu mukuzidziwa kuposa ine. Chiyambire namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mitsinje ina inasintha njira, mwakuti pomwe munkaoloka muli mwana sipangakhale chimodzimodzi lero. Wojambula diso lake limakhala pa sikirini, ndiye pakhale wamkulu wina woyang'ana ana okha. Ndipo mawu akuti "talumphanso" ndi oopsa, chifukwa mwana akaona kamera amafuna kuonetsa mphamvu.

Kunena zoona, chithunzi mukuchifunacho sichilira mtsinje. Beseni lodzadza pabwalo, makapu awiri ndi ana atatu, zakwana. Kapena dikirani mvula yoyamba, ana akamathamangira pansi pa malata pomwe madzi akutsikira. Foni muikulunge mujumbo, mungoboola pa diso la kamera.

Loweruka likubwerali tengani kamtsikana kaja, muike beseni kutsogolo kwa mpanda kapena mtengo wa mango, 4 koloko ikakwana mugwade. Munditumizire zitatu zokha, zomwe mwasankha nokha, ndipo pa chilichonse mulembe chinthu chimodzi chomwe sichikukusangalatsani ine ndisananene changa.