Agogo anu sakunama: Durham inagwetsadi Yorkshire mu 1973

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wathu wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba kumpoto chakum'mawa kwa England. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Pali agogo ena aamuna amene ndimawasamalira. Zambiri anayamba kuiwala, koma tsiku silidutsa osandiuza za 1973 pamene Durham inagonjetsa Yorkshire pa kiriketi. Akuti osewera a Durham anali anthu wamba ogwira ntchito zina, pomwe a Yorkshire anali akatswiri olandira malipiro. Ine kiriketi sindiidziwa, ndimangogwedeza mutu. Kodi ndi zoona, kapena ndi nthano za ukalamba? Ngati ndi zoona, zinatheka bwanji?"

Achemwali, gwedezani mutu ndi mtima wonse, chifukwa agogowo akunena zoona. Koma kuti mumve chimene chimawakomera pankhaniyi, muyenera kudziwa kaye mmene kiriketi ya kumeneko inagawidwira.

Matimu akuluakulu a kiriketi ku England ndi Wales amatchedwa ndi mayina a zigawo za dziko, zimene eni ake amati county, ngati momwe ife tikanakhalira ndi timu ya Dedza, ya Mulanje, ya Karonga. Zigawozi zili m'magulu awiri. Gulu lapamwamba limatchedwa first-class: osewera ake kiriketi ndiyo ntchito yawo, ndipo timu ya dziko imasankhidwa kuchokera mwa iwo. Mu 1973 zigawo zoterezi zinalipo 17. Zotsalazo zinkatchedwa Minor Counties, kutanthauza zigawo zazing'ono, ndipo osewera ake ambiri ankapempha tchuthi kuntchito kuti akasewere. Durham inali m'gulu lachiwirili.

Magulu awiriwa sankakumana kawirikawiri. Mpata unabwera ndi chikho cha Gillette Cup chimene chinayamba mu 1963, cha masewero otha tsiku limodzi, wogonja n'kutuluka. Kuyambira 1964 zigawo zazing'ono zisanu zimene zachita bwino zinkaitanidwa. Zinkabwera, n'kukwapulidwa, n'kubwerera kwawo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinagonjetsa timu ya first-class.

Tsono ganizirani yemwe anali woyamba kugwa. Yorkshire ndiyo yatenga ukatswiri wa County Championship, ligi ya zigawo za first-class, kambirimbiri kuposa chigawo china chilichonse. Inali itautenga zaka zitatu zotsatizana, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo Gillette Cup yomweyo inali itaitenga mu 1965 ndi 1969. Kaputeni wake anali Geoffrey Boycott, womenya mpira wa timu ya England, munthu wodziwika kuti akaima pamalo pake sachotseka. Masewerowo anachitikira ku Harrogate, pabwalo la Yorkshire, Loweruka pa 30 June. Kwa ife okonda mpira wamiyendo, zili ngati timu ya m'ligi ya m'chigawo yapita pakwawo pa Bullets kapena Wanderers.

Yorkshire ndiyo inayamba kumenya. Mbali iliyonse inali ndi ma over 60, ndipo over imodzi ndi mipira isanu ndi umodzi, ndiye kuti mipira 360 yoti ipezerepo zigoli zimene amati ma run. Akatswiriwo onse anatulutsidwa atapeza ma run 135 okha. Amene anawasakaza kwambiri ndi kaputeni wa Durham, Brian Lander, amene anatulutsa anthu asanu, iwo n'kungopeza ma run 15 pa mipira yake yonse. Wodziwa kiriketi akamva "asanu pa 15" amaimba mluzu. Durham inangofunika ma run awiri ndi pang'ono pa over iliyonse, ndipo sinapupulume. Inadutsa chigolicho anthu ake asanu okha atatuluka.

Funso lanu lachiwiri ndilo ndikufuna ndikhalitsepo.

Pa mpira wamiyendo, katswiri akaphonya chigoli mphindi yachisanu, amakhalabe m'bwalo mpaka mphindi ya 90, ndipo mwayi wina umabwera. Pa kiriketi ya tsiku limodzi womenya mpira ali ndi moyo umodzi basi. Mpira umodzi ukamudutsa n'kugunda timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwake, kapena ukangopsopsona m'mphepete mwa thabwa lake lomenyera n'kugwidwa m'malere, zake zatha. Akavule magolovesi, akakhale pabenchi mpaka madzulo. Kaya amalandira ndalama zingati, mpirawo sudziwa. Masewero a County Championship nthawi imeneyo ankatenga masiku atatu, aliyense n'kumenya kawiri, ndipo pamenepo wamphamvu amapeza nthawi yokonza cholakwa. Kuika Durham ya 1973 pamasiku atatu ndi Yorkshire, ine ndalama yanga ndikanaika pa Yorkshire. Koma chikho chinali cha tsiku limodzi.

Chachiwiri ndi mpira weniweniwo. Mukadzaugwira m'manja mudzaona kuti ndi wachikopa, wolimba ngati mwala, ndipo uli ndi msoko wotukuka wozungulira pakati. Woponya amaugwira zala ziwiri zili pamsokowo. Osewera amapukuta mbali imodzi pabuluku kuti inyezimire, inayo n'kuisiya ikhakhale, n'chifukwa chake mabuluku awo oyera amakhala ndi banga lofiira pantchafu. Mpira wotere umakhota m'malere, ndipo msoko ukagunda nthaka yokhala ndi udzu kapena chinyezi, umapatuka pang'ono, mwina m'lifupi mwa zala ziwiri. Zala ziwirizo n'zokwanira. Ndinaonererapo masewero a kalabu ina ya m'mudzi kumpoto komweko tsiku la mitambo. Panali bambo wina wa imvi ndi kamimba, wothamanga ngati akupita kukagula buledi, mpira wake wopanda liwiro loopsa. Koma ankaugwetsa malo amodzimodzi, kawiri, katatu, kakhumi, mpaka mnyamata wamphamvu amene ankamenya anatopa kudikira, anaukalipira, n'kuupereka m'manja mwa munthu. Zigawo zazing'ono zinali zodzaza ndi oponya a mtundu umenewu.

Apa ndipo ndimasiyana pang'ono ndi mmene nkhaniyi imakambidwira. Anthu amakonda kuikamba ngati chozizwitsa, ngati kuti anangotola anyamata pamsewu. Ayi. Kumpoto kwa England ligi za makalabu zinali zolimba kwambiri. M'midzi ya migodi ya malasha ya ku Durham kiriketi inali nkhani ya ulemu wa mudzi, ndipo makalabu ambiri ankalemba katswiri mmodzi wolipidwa, ena ochokera kunja. Munthu wosewera m'ligi yotere Loweruka lililonse sanali mlendo ku mpira waukali. Ena mwa osewera a zigawo zazing'ono anali atayesedwapo ndi matimu a first-class, ena anali atasankha ntchito yokhazikika chifukwa kiriketi inkalipira miyezi ya chilimwe yokha. Dzina lakuti Minor linkanena zambiri za ndalama, mabwalo ndi mbiri yakale kuposa luso la anthuwo.

Nayonso Yorkshire ya 1973 inali mkango wothothoka mano. Fred Trueman, woponya mwaliwiro uja, anapuma mu 1968. Ray Illingworth anapita ku Leicestershire atasemphana ndi akuluakulu a timu. Brian Close, kaputeni amene anawabweretsera zikho zija, anachotsedwa mu 1970 n'kupita ku Somerset. Pamwamba pa izo, Yorkshire inkakakamira mwambo wosewera ndi obadwira m'chigawomo okha, pamene anzawo ankalemba akatswiri akunja monga Garfield Sobers ku Nottinghamshire. Mwambowu unafika potheratu mu 1992 pamene anatenga Sachin Tendulkar wa ku India. Dzina linali lalikulu, koma timu inali ikumangidwa kumene. Ndipo amene ali ndi dzina ndiye amaopa manyazi. Wa Durham akagonja, Lolemba apita kuntchito, palibe womuseka.

Umboni woti sizinali zangozi ndi zimene zinatsatira. Pakati pa 1976 ndi 1982 Durham inasewera masewero 65 a ligi ya zigawo zazing'ono osagonja. Mu 1985 inagwetsanso Derbyshire pachikho chomwecho, chimene pamenepo chinkatchedwa NatWest Trophy. Mu 1992 inalowa m'gulu la first-class, yoyamba kulandiridwa chilowereni cha Glamorgan mu 1921. Zaka zoyambirira inavutika koopsa, nthawi zambiri ili kumchira, ngakhale inali ndi Ian Botham, katswiri wotchuka wa timu ya England, poyamba. Koma mu 2008 inatenga County Championship, n'kubwereza mu 2009 ndi 2013. Paul Collingwood, Steve Harmison, Ben Stokes ndi Mark Wood, amene anafika posewera m'timu ya England, onse anadzera ku Durham. Agogo anuwo anaona ulendo wonsewu kuyambira pachiyambi, ndiye musadabwe kuti 1973 yakana kuchoka m'mutu mwawo.

Durham itatsegula khomo, ena analowa. Lincolnshire inagonjetsa Glamorgan mu 1974, Hertfordshire inagonjetsa Essex mu 1976. Yorkshire inalawanso manyazi mu 1984 ku Telford, Shropshire itapambana ndi ma run 37, koma pamenepo Shropshire inali ndi Mushtaq Mohammad, kaputeni wakale wa Pakistan, amene pa zaka 40 anamenya ma run 80. Mukuona zimene ndikunena za "anthu wamba"?

Imene imandiseketsa ine ndi ya 1991 ku Bishop's Stortford. Mvula inalepheretsa masewero a Hertfordshire ndi Derbyshire, ndiye anagamula kuti oponya asanu a mbali iliyonse aponye aliyense kawiri pa timitengo tija popanda womenya woteteza. Ndi mapenate opanda goloboyi. Akatswiri a Derbyshire, pa mipira khumi, anagunda kamodzi. A Hertfordshire anagunda kawiri n'kupita kukasangalala.

Chomvetsa chisoni n'chakuti khomo lija linatsekedwanso. Devon inatulutsa Leicestershire ku Exmouth mu 2004, ndipo 2005 chinali chaka chomaliza zigawo zazing'ono kulowa m'chikhocho. Akuluakulu anasintha kayendetsedwe kake. Zigawozo masiku ano zikutchedwa National Counties, dzina laulemu ndithu, koma ine ndikanakonda akanasiya dzina lakale n'kubweza masewerowo.

Mawa mukamawapatsa tiyi agogowo, musadikire kuti ayambe okha. Afunseni kuti, "Kodi Brian Lander anatulutsa angati ku Harrogate?" Kenako mukoke mpando mukhale pansi, chifukwa tiyiyo azizira. Mudzandilemberenso zimene akayankhe, makamaka ngati anali pabwalopo tsiku limenelo.