Kuteteza njinga yamoto ku miyala ya mumsewu: yambirani pa mashoko

Bambo wina wa ku Ntchisi, amene amachita kabaza pa njinga ya Boxer, wanditumizira imelo yodandaula kuti miyala ya mumsewu wa galavulo yatemula penti ya thanki ndi injini, ndipo akufunsa chimene angachite kuti njinga isakalambe msanga.

Bambo, penti ikupwetekani mtima chifukwa ndi imene mumaiona m'mawa uliwonse, koma ine ndikupemphani kuti muyambe mwagwada n'kuyang'ana mapaipi awiri onyezimira a mashoko a kutsogolo. Mwala ukatemula pamenepo umasiya kabala kam'mphepete mwakuthwa, ndipo nthawi iliyonse imene shoko ikulowa ndi kutuluka, kabalako kamacheka rabala yotseka mafuta imene amakaniko amaitcha oil seal. Pakapita masabata mumaona mkombero wa mafuta akuda osakanikirana ndi fumbi pa paipiyo, kenaka mafutawo amatsikira kufupi ndi buleki, pamene njinga yayamba kale kugunda m'maenje ngati ngolo. Pitirizani chikhadabo pa paipi yonse. Pamene chakodwa, salalitsanipo pang'onopang'ono ndi sandipepa wosalala kwambiri wonyowetsedwa ndi mafuta. Mukatero muike marabala opindikapindika ovundikira mashoko, ndipo ngati alipo kale koma ang'ambika, musinthe msanga, chifukwa rabala yong'ambika imasunga madzi ndi mchenga m'kati ndipo imawononga kuposa kusakhala nayo.

Miyala yambiri imene imamenya injini si ya galimoto za eni, imathothoka pa tayala lanu lomwe la kutsogolo. N'chifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona anyamata akudula madigadi kuti njinga ioneke yamakono. Inu chitani zosiyana nazo: dulani chidutswa cha rabala yolimba, muchimange ndi mabawuti awiri kumunsi kwa madigadi, chitsike ndithu koma chisakhudze tayala. Kunsi kwa injini, wowotcherera angakupangireni chitsulo chotchinga, chomangidwa pa felemu, chokhala ndi mpata pakati pa icho ndi injini komanso bowo lokhetsera oyilo. Chonde asatseke timizere tachitsulo tozungulira injini, pakuti injini ya njinga yanu imaziziritsidwa ndi mphepo, ndipo mukaibisa mudzapulumutsa penti n'kupsereza injini.

Chotchingira tcheni musachichotse ngakhale chikamachita phokoso, chimangeni. Mafuta a pa tcheni akhale ochepa ndipo otsala muwapukute, chifukwa akachuluka amagwira mchenga umene umadya mano a sipuloketi, kagudumu ka mano kamene tcheni imayendapo.

Za penti ndi zosavuta. Tsukani pamene patemuka, paume, ndipo mudonthezepo penti kapena kyutekisi wopanda mtundu mvula isanayambe mu Novembala, dzimbiri lisanalowe pansi pa penti yozungulira. Pa ekizozi ndi pa injini pamafunika penti yopirira kutentha, chifukwa ina imapserera msanga.

Chotsala ndi kayendetsedwe kanu. Ndikudziwa kuti makasitomala amakufulumizitsani, koma lole yonyamula miyala ya kwale ikakhala kutsogolo, itayeni patali kapena muime kaye ipite, ndipo mukamakumana ndi galimoto yothamanga pa galavulo muchepetse liwiro ndi kutsitsa galasi la chipewa, pakuti mwala umene ungaswe nyali ya kutsogolo ungathenso kukuphwanyani diso.