Za bondo la mphwanu: ndalamazo musatumize ku Joni

Achimwene, pepani kuchedwa kuyankha, foni inathera moto dzulo ndipo ndakaitchaja m'mawa uno pamsika pa Ngabu. Ndawerenga zonse munalemba mugulu muno. Mwati mphwanu wa zaka 21 anapotokola bondo akusewera mpira ku Nchalo mu Ogasiti, anamva kuti thu! mkati, pofika madzulo linali litatupa ngati dzungu, ndipo mpaka lero akati atembenuke mofulumira limangofooka n'kumugwetsa. Kuchipatala akukayikira kuti mtsempha uja amati ACL unaduka. Tsono alamu anu aku Joni aona pa intaneti kachitsulo kotchedwa tensioner, kokungira mtsempha watsopano pa opaleshoni, ndipo akuti musonkhe ndalama agule, atumize pa basi kuti adokotala akagwiritse ntchito. Mwafunsa ngati n'koyenera.

Musagule. Ndalamazo zili ndi ntchito ina kutsogoloku, ndipo ndi yambiri. Ine sindine dokotala, koma ndatha zaka m'thiyeta ya mafupa ndikupatsira zida. Kachitsuloko ndakagwirapo, ndakatsukapo, ndipo ndaonanso mabondo ambiri atachira bwinobwino kasanatuluke n'komwe m'bokosi.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi chomwe chaduka. Mkati mwa bondo muli mitsempha iwiri yopingasana yomanga fupa la ntchafu ku fupa la msongolo. Wakutsogolowo ndiye ACL. Umagwira msongolo kuti usatsetserekere kutsogolo kapena kupotoka munthu akaponda n'kutembenuka. Ukaduka wonse, nthawi zambiri sulumikizana wokha, ndipo kuusoka chabe sikugwira. Ndiye adokotala amabwereka mtsempha wina m'thupi la mwini wakeyo. Ambiri amatenga iwiri ya kumbuyo kwa ntchafu, semitendinosus ndi gracilis, n'kuipinda pakati kuti zikhale nthambo zinayi, ngati chingwe cha khonje. Ena amatenga kachigawo ka mtsempha wa kutsogolo kwa bondo pamodzi ndi tizidutswa ta fupa uku ndi uku. Akatero amaboola una m'fupa la ntchafu, wina m'fupa la msongolo, n'kudutsitsamo chingwecho. Kumtunda amakoleka ndi kabatani kachitsulo, kumunsi amakhoma ndi screw. Kukunga kumachitika apo, kumtunda atakoleka kale, kumunsi asanakhome.

Ntchito ya kukungayo imayambira patebulo lapambali, pomwe ine ndinkaima. Mtsempha umatamuka, monga chingwe chatsopano choyanikira zovala: mwachimanga gwa m'mawa, madzulo mukuchipeza chalendewera. Choncho ukangochotsedwa m'ntchafu timaupala mnofu, kuusoka nsonga zonse, kuuyesa m'mabowo a kachitsulo kolembedwa 7, 8, 9, ndiwo mamilimita a kunenepa kwake, kenako kuukoka pa bolodi kwa mphindi 10 mpaka 20 titauphimba ndi kansalu konyowa kuti usaume. Ukalowa m'bondo, dokotala amakoka nthambo zija uku akupinda ndi kuwongola mwendo ka 20 kapena kuposa, kuti kutamuka konse kuthere pomwepo, osati munthu ali kale kunyumba. Akamaliza ndiye amakoka komaliza n'kukhoma screw.

Tensioner imalowa pa kukoka komalizaku. Musaiganizire zambiri ayi. Mukudziwa sikelo ya mbedza imene ogula thonje amakoleka pamtengo? Ndi mbale wake. Ili ndi sipiling'i ndi manambala, mumakoleka nthambo zija n'kukoka mpaka muvi ufike pomwe mukufuna. Zina zinapangidwa moti nthambo zinayi zonse zisenze mofanana, ina isamangogona anzake akugwira ntchito. Mphamvu yake amayeza m'ma newton, ndipo pa mitsempha ya kumbuyo kwa ntchafu ambiri amafuna cha m'ma 80, komwe kuli ngati kulendewetsa mapaketi 8 a shuga wa kilo imodzi wa pa Nchalo pomwepo. Nambalayo siyongolota. Ku Japan mu 1997 anayerekeza odwala okungidwa ndi 20, 40 ndi 80, ndipo a 80 mabondo awo anapezeka osagwedera kwambiri poyerekeza ndi a 20. Ukakhwepa, bondo limapitiriza kugwedera ngati sanachite kanthu. Ukakungika mopitirira, bondo limakana kuwongoka ndipo chicherewecherewe cha m'mfundo chimapanikizika.

Mpaka apa alamu anu sananame, kukunga ndi nkhani yeniyeni. Pomwe aphonya ndi apa. Madokotala ambiri padziko lonse amakoka ndi dzanja, ndipo ofufuza akayerekeza odwala okungidwa ndi dzanja ndi okungidwa ndi chitsulo patapita chaka kapena ziwiri, kusiyana kooneka pa kayendedwe kapena kasewero sakukupeza. Ubwino wa chitsulo ndi wakuti lero ndi mawa chimakoka mofanana, pomwe manja a anthu amasiyana. Ndi chida chabwino, dokotala amene ali nacho agwiritse ntchito. Koma si chimene chimasankha kuti mphwanu adzathamanganso kapena ayi.

Komanso ngakhale mutagula, sichilowa m'thiyeta. Makampani opanga zidazi, monga Arthrex, Smith & Nephew, ConMed ndi DePuy Mitek, aliyense ali ndi banja la zida zake, ndipo tensioner ya uyu inapangidwira screw ndi nthambo za uyu yemweyo. Dokotala amagwira ndi seti imene anaizolowera. Chitsulo chobwera m'chikwama cha pa basi, chosadziwika kochokera, chosadziwika ngati sipiling'i yake ikuwerenga zoona, palibe sisitala wa thiyeta angachilole kufika pafupi ndi bondo lotsegula. Mudzabwerera nacho ku Nchalo, mwina muziyezera usipa.

Chimene chimaononga maopaleshoni awa kawirikawiri, kumbali ya dokotala, ndi malo obowola. Una ukaphonya ndi mamilimita ochepa chabe, makamaka wa m'fupa la ntchafu, chingwe chija chimakungika bondo likapinda n'kukhwepa likawongoka, ndipo pang'onopang'ono chimatamuka kapena kuduka. Mzati mukauzika polakwika, mumange luzi mwamphamvu chotani, nyumba ipendekera basi. Zina ndi mtsempha woonda, wosafika mamilimita 8 mwa mnyamata wothamanga, ndi meniscus, kaphata kamene kamakhala pakati pa mafupa awiriwa, kukhala itang'ambika koma osaisamala. Zonsezi zili m'maso ndi m'manja mwa amene akuchita opaleshoniyo, sizigulidwa pa intaneti.

Ndiye mutani? Mubwerere naye kwa a kiliniko ofesala a mafupa pachipatala cha boma ku Chikwawa, amuyeze pamanja. Pali kayezedwe kotchedwa Lachman, amagwira ntchafu dzanja limodzi, lina n'kukokera msongolo kutsogolo bondo litapinda pang'ono. Wozolowera amamva pomwepo ngati mtsempha ulipo. Ekisire imene munajambulitsa ija ikuonetsa mafupa okha, ndiye mawu akuti "palibe chathyoka" asakunamizeni kuti zonse zili bwino. Mupemphe kalata yopita ku dipatimenti ya mafupa ku Queens ku Blantyre, ndipo konko mufunse za MRI, makina ena ojambula m'kati mwa thupi, chifukwa ndi imene imaonetsa mtsempha ndi meniscus. Ku Lilongwe kulinso LION pa Kamuzu Central, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chinatsegulidwa mu 2023. Wina mugulu muno watchula Beit CURE. Ndi akatswiri a mafupa ndithu, koma thandizo lawo laulere ndi la ana, mphwanu zaka zapitirira.

Mukakumana ndi dokotala wodzachita opaleshoniyo, musachite manyazi, safunsa anadya phula. Mufunseni kuti maopaleshoni a ACL amachita angati pa chaka, ngati adzagwiritsa ntchito kamera yolowetsa m'bondo, mtsempha adzautenga pati, ndipo meniscus akaipeza yong'ambika adzaisoka kapena adzaidula. Mufunsenso ngati kabatani ndi screw zilipo kapena muyenera kulipira padera. Ngati pali chitsulo choti ndalama za alamu anu zigule, ndi chimenecho, chifukwa ndicho chimatsala m'mwendo, ndipo agule chokhacho chimene dokotalayo walemba papepala, kudzera komwe iye wanena. Za tensioner mukhoza kufunsa mongofuna kudziwa. Akati "ndimakoka ndi dzanja," musadzuke pampando.

Mwinanso angakuuzeni kuti ayambe ndi fiziyo, masewera olimbitsa minofu ya mwendo, miyezi itatu aone. Si kukuthamangitsani kumeneko. Alipo anthu oduka ACL amene amalima, kupalasa njinga ndi kuyenda bwinobwino popanda opaleshoni, minofu ikalimba. Koma wa zaka 21, wofuna kubwerera m'bwalo, bondo likumugwetsagwetsa, ambiri amathera ku thiyeta, chifukwa kugwa kulikonse kumapweteka meniscus.

Podikira tsikulo asangokhala pakhonde. Madokotala safuna kutsegula bondo lotupa, losawongoka, chifukwa likatero limadzauma pambuyo pake. Tsiku lililonse agone chagada, chidendene pa njerwa yokutidwa ndi nsalu, pansi pa bondo popanda kanthu, alisiye lizilemera lokha mpaka liwongoke ngati linzake. Azilimbitsa mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu, kuukunga n'kuwerenga mpaka 10, kumasula, kubwereza. Mpira ayi, ngakhale wa "ndingoimako pagolo." Ndipo chonde, agogo ake akanena zotema mphini pabondopo, mukane mwaulemu. Khungu lokhala ndi zilonda pamalo odula limabweza munthu pakhomo la thiyeta, ndipo tizilombo tikalowa m'mfundo muli mtsempha wobwereka, nkhani yake imakhala yaitali ndi yowawa.

Mbali imene mabanja ambiri saiwerengera ndi ya pambuyo pa opaleshoni, ndipo ndalama zambiri zimapita kumeneko. Mtsempha wobwerekawo ukalowa umayamba wafooka kaye, thupi n'kumaumanganso pang'onopang'ono. Pakati pa sabata 6 ndi 12 ndi pomwe uli wosalimba kwenikweni, ndipo tsoka lake ndi nthawi yomweyo imene ululu watha, ndodo wataya, mnyamata akudziona ngati wachira. Ndikukumbuka wina amene ndinapatsira zida ndekha. Zonse zinayenda mwa buku, muvi wa tensioner unaima pa 80 ndikuona ndi maso angawa. Patatha miyezi inayi kwawo kunali bonanza, anzake anamunyengerera kuti alowe mphindi 20 zokha. Anabwera atamunyamula, bondo lomwelo, ndipo opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba poti mauna akale amakhala atakula. Kafukufuku wa ku Norway ndi ku America wa 2016 anapeza kuti mwezi uliwonse umene wosewera wadikira, mpaka kufika miyezi 9, ngozi yovulalanso imatsika ndi pafupifupi theka. Ndiye mphwanu mumuuze lero lomwe kuti sizoni yamawa aiiwale. Akakana kumva zimenezo, opaleshoniyo ndi kutaya ndalama.

Fiziyo ndi ya miyezi, osati masiku. Muwerengere za minibasi zokwera zikhotakhota za ku Thabwa kupita ku Blantyre kangapo, ku Queens kapena kuchipatala cha fiziyo cha Kachere, kenako mupemphe akulembereni zochita kuti azipitiriza ndi a fiziyo apafupi ndi kwanu. Kuno tili ndi mwayi umodzi, dziko ndi lathyathyathya ndipo njinga ili pakhomo lililonse. Akamulola a fiziyo, kupalasa ndi mankhwala abwino a bondo. Koma kupalasa yekha, osati kabaza wonyamula munthu ndi thumba la chimanga kumbuyo, poti kuponda pansi mwadzidzidzi ndi katundu ndi komwe kumapotokola. Matope a kudimba, kudumphira m'bwato, kutsetsereka pagombe la Shire, zonsezo adikire.

Ngati adokotala akupatsani mpata wosankha mwezi, ganizirani za kwathu kuno. Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, thukuta pansi pa bandeji silichedwa kuyambitsa mavuto pabala. Januwale mpaka Malichi ndi madzi. Tonse tikukumbuka namondwe Ana mu Januwale 2022 mmene M1 inadukira, ndi Freddy mu Malichi 2023. Munthu wa ndodo, wa tsiku lokachotsa ulusi, msewu n'kuduka, mutani naye? Ine ndikanakonda Meyi kapena Juni, kuli kouma ndi kozizirirapo, kapena apeze wachibale ku Blantyre akhaleko sabata zoyambirira.

Chimodzi chokha chingasinthe zonse ndanenazi za kudikira. Mumufunse usiku uno ngati bondolo limakakamira, kuti akati awongole limakana ngati mwalowa kamwala, kufikira atachita kuligwedeza. Ngati limatero, mwina meniscus yang'ambika n'kupindikira mkati, ndipo imeneyo sidikira Meyi, mupite naye sabata ino. Mundiyankhe kumbali zimene anene, ndipo pepala la MRI likatuluka mulijambule munditumizire, ndikuthandizeni kuwerenga musanakalowe kwa adokotala.