Bwanji makochi akuda ndi ochepa ku England?

Funso: Akulu, ndikamaonera Premier League ndimaona osewera akuda ali mbwee m'bwalo, koma makochi akuda ndi owerengeka. Vuto n'chiyani? Wowerenga wa ku Ndirande.

Yankho: Achimwene, luso lilipo, koma eni matimu amakonda kulemba ntchito anthu amene anawazolowera kale. Paul Ince, Mngelezi wakuda woyamba kuphunzitsa timu ya mu ligiyi, sanathe n'chaka chomwe ku Blackburn mu 2008. Koma imene imandiwawa ine ndi ya Darren Moore, kochi winanso wakuda: West Brom inamuchotsa mu 2019 timu ili pa nambala 4 mu Championship, ligi yachiwiri ya ku England! Chaka chomwecho EFL, yomwe imayendetsa maligi atatu a pansi pa Premier League, inalamula kuti matimu ake akamachititsa intavyu yofuna kochi aziitanako munthu mmodzi wosakhala mzungu. Lamuloli silikhudza matimu a Premier League amene mumaonerawo.