Kuyeza asidi pasukulu yopanda litimasi

Mphunzitsi wina wa pasukulu ya sekondale yoyendera wandilembera pa imelo kufunsa mmene angaphunzitsire ana kuyeza asidi m'zinthu za pakhomo, pomwe sukulu yawo ilibe labotale, ngakhale kapepala kamodzi ka litimasi koyezera asidi. Aphunzitsi, funso lanuli landikhudza, chifukwa inenso ndinaphunzira pasukulu yotero.

Ife tinkakopera pabolodi kuti litimasi wabuluu amafiira akaviikidwa mu asidi, n'kuloweza, n'kukhoza mayeso, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo mtunduwo ukusintha. Chonsecho kunyumba agogo anga ankatentha zitsononkho za chimanga, kuika phulusa lake m'kachitini koboola kunsi, kuthiramo madzi pang'onopang'ono, ndipo m'mbale ya pansi munkadontha chidulo chofiirira chophikira therere. Ukachigwira chinkaterera m'zala ngati sopo. Imeneyo inali alikali yeniyeni, yotsutsana ndi asidi, yomwe ija tinkailoweza m'kalasi, ndipo palibe anatiuza kuti mawu a pabolodi ndi mbale ya agogo zikunena chinthu chimodzi. Mpaka lero zimandiwawa.

N'chifukwa chake sindivomereza kuti kusowa kwa zipangizo ndiko vuto lalikulu. Vuto ndi lakuti tinazolowera kuganiza kuti sayansi imabwera m'katoni kuchokera kutauni. Mwana amene wadya bwemba kapena malambe amaudziwa kale asidi ndi lilime lake. Chimene akusowa ndi muyeso. Muyesowo, wotchedwa pH, anauyambitsa Søren Sørensen ku Copenhagen m'chaka cha 1909, ndipo m'mabuku a kusukulu umayambira pa 0 kulekeza pa 14, madzi oyera ali pakati, pa 7; pansi pa 7 ndi asidi, pamwamba pa 7 ndi alikali. Madzi a mandimu amakhala cha m'ma 2, viniga cha m'ma 3, soda wophikira wosungunula m'madzi cha m'ma 8, sopo wochapira cha m'ma 10. Anawo amvetse kuti kutsika ndi nambala imodzi ndiye kuti asidi wachuluka kakhumi.

Nkhaniyi siithera pa mayeso a MSCE. Ambiri mwa ana anuwo adzalima, ndipo adzafunika kudziwa chifukwa chake tiyi amakondwa m'dothi la asidi la ku Thyolo ndi Mulanje, chifukwa chake feteleza wa salufeti amawonjezera asidi m'munda akathiridwa chaka ndi chaka, komanso chifukwa chake alangizi amanena zothira laimu. Kumana mwana wa mlimi nzeru imeneyi pa chifukwa cha kapepala n'kumulakwira.

Zoti muchite m'kalasi

Tengani chidede chouma chodzaza dzanja, muchiviike m'madzi otentha mpaka afiire, musefe ndi kansalu, kenaka muonjezeremo madzi kuti mtundu usathe kuda. Gawani madziwo m'mabotolo oonekera mkati odulidwa pakati, ndipo botolo limodzi likhale losathiramo kanthu kuti ana azifananizira. Dziwani kuti chidede n'chowawasa kale, choncho chimaonetsa bwino alikali kuposa asidi. Yambani ndi madontho a chidulo: kufiira kudzazilala, madzi n'kuda mobiriwira. Kenaka mwana afinyiremo ndimu, ndipo kufiira kudzabwerera iye akuona. Mukapeza kabichi wofiira kumsika ndiye bwino koposa, popeza madzi ake amayamba ali apepo, n'kufiira mu asidi, n'kubiriwira mu alikali. Ana abweretse thobwa, mkaka wosasa, sopo ndi soda, alembe kaye zimene akuganiza kuti zichitika asanayeze.

Pasakhale kulawa chilichonse m'kalasi. Madzi a m'batire ya galimoto ndi soda wopangira sopo zisafike n'komwe pasukulu, ndipo Jik asasakanizidwe ndi viniga, chifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wa klorini umene umapweteka mapapo.